Madzi Okanidwa

Ndimatsegula shopu isanakwane sikisi,
fumbi la msewu wa ku Chinkhoma lisanadzuke,
akabaza akadali kupopa matayala.
A Kamzingeni anandiphunzitsa kuyamba ndi lilime:
tunga kapu imodzi pampopi,
imva mankhwala, imva mmene damu la Chitete lagonera,
ukatero viika kachipangizo koyezera kaja.
Lero kakuti mazana atatu ndi makumi anayi.

M'thanki yabuluu muli timikanda ta rezini,
tating'ono ngati mawere, tofiirira ngati uchi wa chilimwe.
Ntchito yake n'kusinthanitsa basi,
ngati anyamata a ndalama a pa boda:
siya njereza yako apa, tenga kamchere aka, dzipita.
Njereza ija yokuta ketulo m'kati,
yomwe imaumitsa sopo kuti asachite thovu,
imatsala m'manja mwa timikanda.
Tikakhuta, Loweruka madzulo,
ndimatisambitsa ndi mchere wa m'thumba.
Mayi anaseka nditawafotokozera:
Mchere kutsuka madzi? Iwe, akukudyera ndalama bwana wakoyo.

Kenako pampu imayamba kung'ung'udza.
M'chubu choyera muli nembanemba
yokulungidwa ngati mphasa ya wapaulendo.
Mabowo ake sindinawaonepo,
ngakhale a Kamzingeni ndi magalasi awo sanawaonepo.
Madzi mwa chibadwa amalondola kumene kuli mchere,
ife timawakankha chobwerera,
ngati ng'ombe yokana dibi,
mpaka alowe pomwe sakufuna.

Mapaipi otuluka ndi awiri.

Ina imadontha mwaulemu m'zigubu zomata chizindikiro.
Kachipangizo kamati khumi ndi ziwiri.
Awa amakwera galimoto,
amapita kuchipatala, kumaofesi, kumalo ogona alendo,
amakhala patebulo pamene akuluakulu akukambirana za chitukuko.
A Mndolo, mlonda wa pothirira mafuta, anawalawa tsiku lina,
anawazunguza m'kamwa, n'kumeza, n'kundibwezera kapu:
Ndi osalala, mwanawe, koma alibe kwawo.

Paipi inayo imatulukira kuseri.
Pa ndowa imodzi yodutsa, ziwiri zimakanidwa,
zitasenza mchere wawo ndi wa anzawo omwe.
Poyamba ankangothamangira m'ngalande.
Ndine ndinaika mgolo pamenepo.
Tsopano Nagama amabwera ndi zochapa za ana ake anayi,
oumba njerwa amabwera ndi wilibala,
wotsuka njinga zamoto amabwera osapereka moni.
Sitilemba risiti.

Chaka chomwe mayina anatuluka m'nyuzipepala
tinali makumi asanu ndi limodzi m'kalasi mwathu.
Anadutsa asanu ndi awiri.
Mwandida, yemwe ndinkamuonetsa masamu pansi pa mtengo wa kesha,
anabwera mwezi watha pagalimoto ya bungwe,
anagula zigubu zisanu, anafunsa ngati sefa timasintha m'nthawi yake.
Ndinati inde, pa miyezi isanu ndi umodzi.
Anandiyang'ana kawiri. Anati, Ndiwe kodi?
Chenji ndinam'patsa chokwanira.

Sindidandaula ndi nembanemba.
Siidziwa dzina la dontho lililonse,
imangomva kukankha kwa pampu.
Koma ndimadziwa kuti onse anachokera mumpopi umodzi,
anagona damu limodzi, achule omwewo akuwaimbira.

Kuseriko, pomwe mgolo umasefukira,
nthaka yachita mbuu ngati milomo ya wodwala malungo.
Mpiru unakana. Tomato anapsa masamba.
Koma papaya wina amene sindinabzale
wafika kale pa malata,
ndipo sabata ino waonetsa maluwa.

Magetsi athima teni koloko isanakwane.
Pampu yakhosomola kamodzi, yakhala chete.
Mapaipi onse awiri auma pakamwa mofanana.
Nagama wakhala pa ndowa yake, akudikira.
Woyendetsa galimoto ya chipatala wakhala pa chigubu chake, akudikira.
Ine ndatenga kapu yanga yosweka chogwirira,
ndatsegula mpopi,
ndamwa mazana atatu ndi makumi anayi onse.